Masabata atatu pa sitima yapanyanja, ndizikacheza ndi ndani?

Funso lachokera kwa mayi ena a ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe: "Ndine wamasiye, ndinapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Mwana wanga amene ali ku England wandilipirira sitima yonyamuka ku Cape Town mpaka Southampton, akuti pafupifupi masabata atatu pamadzi, akuti ndipumeko m'malo mokwera ndege. Ine sitima yomwe ndimaidziwa ndi Ilala basi, ndinakwera ndili mtsikana tikupita kumudzi ku Nkhotakota. Tsiku lonse munthu amatani mmenemo? Ndipo ndekhandekha pakati pa azungu ndizikacheza ndi ndani? Ndikuopa kukachita manyazi."

Zikomo Mayi, ndipo mwana wanuyo mumuuze kuti wachita zaulemu. Ine ndinagwirapo ntchito m'sitima zoterezi, pa desiki pamene apaulendo amabwera ndi mafunso ndi madandaulo awo, ndiye ndaonapo anthu akutsika ali ndi manambala a foni tho m'kabuku, ndaonaponso ena akutsika akulumbira kuti sadzapondanso. Chimene chinkawasiyanitsa sichinali Chizungu chawo kapena zovala ayi. Ndi tebulo limene ankadyera madzulo, ndi kachizolowezi kamene anadzipangira masana. Zinazo ndi zongothandizira.

Choyamba Ilala muiike pambali kaye. Ilala ndi ya mamita 52, imaima pafupipafupi ndipo mapiri mumawaona uku ndi uku. Sitima ngati Queen Mary 2, yomwe nthawi zina imadutsa njira yanuyi, ndi ya mamita 345, imanyamula apaulendo oposa 2,500 ndi antchito oposa 1,000, muli malifti, malo odyera angapo, holo ya zisudzo, laibulale, chipatala, mashopu. Njirayo ndi yakale, sitima zonyamula makalata za Union-Castle zinkayenda Cape Town ndi Southampton mpaka 1977 pamene ndege zinazilanda anthu, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 sitima zambiri zayambanso kuzungulira kumadzulo kwa Africa pothawa zipolowe za ku Red Sea. Kawirikawiri muima pa Walvis Bay ku Namibia, kenako basi, pafupifupi sabata yathunthu osaona mtunda mpaka zilumba za Canary kapena Madeira. Sabata imeneyoyo ndi imene mukuifunsa.

Mukangokwera akupatsani khadi, ndiyo kiyi wa chipinda, ndiyo ndalama zanu, ndiyonso chiphaso chotulukira ndi kulowera. Sitima isananyamuke pamakhala kuyeserera za ngozi, aliyense amayenera kukaonekera pamalo ake osonkhanira ndi kudziwa kavalidwe ka jekete yoyandamitsa, chizindikiro chake ndi kulira kwa hutala kafupikafupi kasanu ndi kawiri kenako kamodzi kotalika. Lamuloli analikhwimitsa sitima ya Costa Concordia itagunda mwala kufupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy mu Januwale 2012, anthu 32 anafa ndipo ena mwa apaulendo anali asanaphunzitsidwe n'komwe. Musajombe, amawerenga makhadi ndipo adzakusakani.

Tsopano nkhani ya tebulo, pano ndichedwapo. Chakudya chamadzulo mu resitilanti yaikulu chimakhala ndi nthawi ziwiri m'sitima zambiri, oyamba cha m'ma 6, achiwiri cha m'ma 8 ndi theka, ndipo mumakhala tebulo lomwelo ndi anthu omwewo ndi weita yemweyo ulendo wonse. Mwana wanu pokukondani akhoza kukusankhirani tebulo la anthu awiri kuti musavutike ndi alendo. Mumuletse. Pemphani tebulo la anthu 6 kapena 8, ndipo auzeni kuti mukuyenda nokha, chifukwa oyang'anira resitilanti amakonda kuika oyenda okha pamodzi. La anthu anayi ndi loopsa, mukagwa m'manja mwa banja losayankhula kapena lokangana mwatsekeredwa, pomwe la anthu 8 nthawi zonse pamakhala wina wolongolola amene amanyamula macheza inu nkumangomvetsera mpaka mutazolowera. Usiku woyamba ndi wouma kwa aliyense, ngakhale azunguwo ali ndi mantha awo, wina ndi wamasiye ngati inu ndipo ndi ulendo wake woyamba opanda mwamuna wake. Wachiwiri mumayamba kudziwa mayina. Pofika wachinayi mukachedwa mupeza akufunsa weita kuti kodi mayi aja ali bwino? Ndipo ngati pofika usiku wachitatu mukuona kuti anthuwa sakukukhalani bwino, pitani masana kwa mkulu wa resitilanti, muuzeni mwakachetechete kuti akusamutseni. Sichachilendo, amachita zimenezi tsiku lililonse ndipo sakufunsani chifukwa. Chimene musachite ndi kuthawira ku bufe usiku uliwonse nkumadya nokha pakona moyang'ana foni, anthu amene ankabwera pa desiki panga sabata yachiwiri akuti sitimayi ndi yosasangalatsa ambiri anali a gulu limeneli.

Za mafoloko musadandaule nazo, yambani ndi akunja kulowa mkati, basi. Chakudya chimene simukuchidziwa funsani weita, ndipo ngati sichinakukomereni amabweretsa china osalipiritsa.

Koma ndikuchenjezeni za macheza a pa njira imeneyi makamaka. Okwera ambiri ndi achikulire a ku Britain ndi South Africa, ndipo pakati pawo simulephera kupeza amene anakhalapo kuno. Mukangoti Harare wina maso awala, ati aaa Salisbury, ngati dzinalo silinasinthe mu 1982, ayamba kukufunsani ngati majakaranda akadalipo, ngati sitolo yakutiyakuti ikadali pa First Street. Mukati makolo anga anachokera ku Malawi ndiye kumabwera kaja kakuti, kuki wathu anali wa ku Nyasaland, munthu wabwino kwambiri. Inu mukudziwa mmene mawu amenewo amalasira, poti ambiri a ife agogo athu ndi amene anali makuki ndi ogwira m'maluwa ku Highlands ndi ku Avondale, ena m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ena amanena mosazindikira, ndi kukumbuka ubwana wawo chabe, ndipo mukawafunsa kuti dzina lake anali ndani, kwawo kunali boma liti, mumaona wina akukhala chete kuganiza, wina nkukuuzani zonse mpaka misozi, ndipo macheza abwino kwambiri amayambira pamenepo. Ena ndi ofuna mkangano, akufuna akukokereni ku nkhani ya mafamu ndi ndale mbale ya supu isanachoke. Amenewo simuli ndi ngongole nawo. Inu ndinu mphunzitsi, mukudziwa kutseka nkhani mwaulemu, ingonenani kuti ndabwera kudzapuma, ndale ndazisiya kunyumba, nkutembenukira kwa wina. Pali lamulo losalembedwa loti ndale ndi chipembedzo sizibwera patebulo, ndiye anzanu enawo adzakhala mbali yanu. Zimachitikanso, osati kawirikawiri koma zimachitika, kuti wina mu kolido akufunseni matawulo poganiza kuti ndinu wantchito. Muonetseni khadi lanu, muuzeni kuti nanunso mukufuna matawulo omwewo, manyaziwo akhale ake.

Masana aja mukuwaopa. Usiku uliwonse sitiwadi wa chipinda chanu amasiya pepala la pologalamu ya mawa, ndi lodzaza moti simungakwanitse theka: maphunziro a dansi, mpikisano wa mafunso, bingo, nkhani zokambidwa ndi akatswiri za mbiri kapena nyenyezi kapena nyama za m'nyanja, kujambula, kanema, tiyi wa masana, usiku bandi ndi zisudzo. Obwera kumene amathamangira zonse masiku atatu oyamba kenako nkugwa ndi kutopa. Ine malangizo anga ndi akuti sankhani ziwiri zokha zochitika tsiku lililonse pa nthawi yomweyo, ndipo muzipitako osajomba, mukhale mpando womwewo ngati nkotheka. Anthu m'sitima sapalana ubwenzi podziwitsana mayina, amapalana poonana kachitatu pamalo amodzi. Mpikisano wa mafunso ndiye wokuyenerani, amasewera m'timagulu ta anthu asanu kapena 6 ndipo nthawi zonse pali kagulu kosowa munthu, mungofika nkufunsa kuti pali malo? Tsiku limene adzafunse likulu la Burkina Faso kapena mtsinje umene uli ndi Victoria Falls inu nkuyankha, basi mwakhala wawo, mawa akusungirani mpando. Pa maulendo ataliatali amayambitsanso kwaya ya apaulendo, imayeserera masiku a panyanja nkudzaimba pa siteji kumapeto, ndipo ngati muli a Chigwirizano ku CCAP ndiye musachite kuganiza kawiri, alto wakwathu amamveka ndipo ochititsa kwaya amamusowa. Pamakhalanso kagulu ka amayi oluka ndi osoka kamene kamakumana m'mawa pa lawunji ina, tengani koloshi wanu. Yang'ananinso papepalapo tsiku loyamba kapena lachiwiri, amaika nthawi ya khofi ya oyenda okha, pitani ngakhale mukuchita mphwayi, ndi kamodzi kokha kovuta.

Tsiku lanu likhoza kuyenda motere, kudzuka dzuwa likutuluka, kuzungulira deki yoyendamo ndi anthu omwewo amene amayenda m'mawa uliwonse, poyamba mumangogwedezerana mitu kenako mumayamba kuyendera limodzi. Kadzutsa, kwaya, 12 koloko kaputeni amayankhula pa zokuzira mawu kunena pamene tafika, kuya kwa madzi, nyengo ya mawa, ndipo mudzadabwa mmene sitima yonse imakhalira chete kumvetsera. Nkhomaliro, kagonedwe pang'ono, mafunso, tiyi, kusamba ndi kuvala, tebulo lija. Mukaima pa njanji za deki m'madera otentha muziyang'ana pansi pafupi ndi mafunde amene sitima ikung'amba, tinsomba touluka timatumphuka m'magulu nkuuluka pamwamba pa madzi kamtunda ndithu, ndipo amene waima pambali panu adzakulozerani, macheza nkuyambira pomwepo.

Ngati chipinda chanu ndi chamkati chopanda windo samalani, mukazimitsa magetsi ndi mdima wa bii usana ndi usiku, munthu amadzuka 11 koloko akuganiza kuti ndi m'bandakucha. Tcherani alamu, kapena siyani TV pa tchanelo cha kamera ya kutsogolo kwa sitima mawu mutatsitsa, kukacha chipinda chimawala chokha. Wotchi nayo imabwezedwa m'mbuyo usiku, ola limodzi kapena awiri pa ulendo wonse malinga ndi nyengo ya chaka, kuti igwirizane ndi nthawi ya ku England, amalemba papepala lija, tsatirani nthawi ya sitima osati ya foni.

Sabata yachiwiri ili ndi matenda ake. Anthu azolowerana, timagulu tapangika, ndipo miseche imayenda ngati pa mzere wa pa mjigo ku Mufakose madzi a khonsolo akasiya, pofika madzulo aliyense wamva kuti bambo a pa deki 9 akuvina ndi mayi amene si akazi awo. Likulu lake ndi kachipinda kochapira, m'sitima zimene zili ndi makina ochapira wekha, anthu amadikirana pamenepo ndipo ndewu ya wina kuchotsa zovala za mnzake mu makina imatha kufika mpaka pa desiki. Ina ndi ya mipando ya pa dziwe losambira, wina amaika tawulo 6 koloko m'mawa nkudzabwera masana. Inu mverani, sekani, koma musanyamule nkhani kuchoka tebulo lina kupita lina, chifukwa pano palibe kothawira, munthu amene mwamunena mukumana naye mu lifti mawa. Mupezanso wina wokukakamirani, amene akufuna muzidya naye m'mawa masana ndi madzulo ndi kumva mavuto ake onse. Nkololedwa kunena kuti lero ndikufuna kuwerenga, tionana madzulo. Ndipo tsiku lina mudzangomva kusungulumwa kopanda chifukwa, madzi okhaokha mbali zonse, kukumbuka bambo aja. Limenelo khalani m'chipinda, itanitsani tiyi, palibe cholakwika, bola lisakhale masiku awiri otsatizana.

Za abambo ovina, m'sitima zina monga za kampani ya Cunard muli anthu amene ntchito yawo ndi kuvina ndi apaulendo opanda mnzawo wovina naye. Akakupemphani dansi si chibwenzi, ndi ntchito, vinani. Koma wapaulendo mnzanu amene tsiku lachisanu wayamba kale kukamba za bizinesi imene ikufuna ndalama pang'ono, inu mukudziwa kale.

Antchito ambiri ndi a ku Philippines, Indonesia ndi India, koma masiku ano simulephera kumva Chishona kapena Chindebele ku bufe, ana athu alimo ndithu, yang'anani pa baji pamalembedwa dziko. Adzakusangalalirani, mudzakhala amayi awo ulendo wonse, koma kumbukirani kuti amagwira maola ambiri tsiku lililonse kwa miyezi popanda Sande, ndipo malamulo awo ndi okhwima, saloledwa kukhala nanu pansi kapena kulowa m'chipinda chanu kudzacheza, akhoza kuchotsedwa ntchito. Musawaimitse nthawi yaitali bwana wawo akuona. Mukafuna kuwathandiza zenizeni lembani dzina lawo pa fomu yoyamikira, imeneyo imawerengedwa pokweza anthu.

Nsima kulibe Mayi, ndinene poyera. Chofananako ndi polenta ya Chitaliyana, mpunga ndi mbatatesi ndiye zosasowa, ndipo nsomba, nyemba ndi masamba mupeza. Musayese kulowetsa kachitofu, ketulo kapena ayironi, amalanda pa geti chifukwa moto ndi umene oyendetsa sitima amauopa kuposa mafunde. Mausiku ena ndi a gala, amuna masuti akazi madiresi aatali, ndipo apa musawononge ndalama kugula za eni. Sokesani chitenje chabwino, bulauzi ndi siketi ndi duku lake, zovala za makolo zimaloledwa ndipo mudzatopa ndi anthu okupemphani kujambulitsa nanu. Tengani juzi yotentha, mkati amaziziritsa kwambiri, ndiponso mukadutsa Madeira kunja kumayamba kuzizira.

Ndalama mwachidule. Chakudya, tiyi ndi zisudzo zili mu tikiti, koma zakumwa za m'botolo, zithunzi zimene amakujambulani, saluni, kasino ndi maulendo okaona malo ndi zolipira, zonse zimangolowa pa khadi lija mwakachetechete, kuphatikizapo ndalama yothokoza antchito imene makampani ambiri amaika pa bilu tsiku lililonse. EcoCash ya pa foni ndi ndalama yathu ya ZiG sizigwira, pamafunika Visa kapena Mastercard ya madola kapena kusiya kashi pa desiki, ndiye mugwirizane ndi mwana wanu musananyamuke kuti bilu ikupita kwa ndani. Muzikaiona masiku atatu alionse. Foni ikani pa airplane mode sitima ikangochoka padoko, netiweki ya panyanja imadula zoopsa ndipo imalowa yokha. Wi-Fi ndi yogula, yayamba kuthamanga chibwerere intaneti ya setilaiti ya Starlink, kaphukusi ka WhatsApp kokha nkokwanira, ndipo gulu la kutchalitchi ndi la adzukulu muziliona kamodzi patsiku, apo ayi thupi likhala panyanja mutu uli ku Mufakose.

Mafunde amavuta malo awiri, potuluka ku Cape Town ndi pa Bay of Biscay, kufupi ndi Spain ndi France, kumapeto, pakatipo nthawi zambiri ndi bata. Chipinda chapakati pa sitima ndiponso chapansi chimagwedezeka pang'ono. Mukamva nseru tulukani panja muyang'ane kumene madzi akumana ndi thambo, idyani zouma, jinja amathandiza, ndipo mapilisi a chizungulire funsani adokotala anu kuno ngati akugwirizana ndi a BP, poti amagonetsa. Mankhwala anu onse akhale mu chikwama cham'manja, ndi owonjezera a sabata imodzi. Kusamba m'manja ndi sopo musanadye musakutenge ngati mwambo chabe, kachilombo ka norovirus kotsegula m'mimba kamafalikira msanga pamene anthu ambiri akugwira zitsulo zomwezo ndi masipuni omwewo a ku bufe, ndipo mukadwala amakutsekerani m'chipinda. Chipatala chilipo koma ndi cholipira modula, inshuwalansi ya ulendo si yochita kukambirana.

Lamulungu pamakhala mapemphero a mipingo yonse pamodzi m'sitima zambiri, mwina otsogolera ndi kaputeni yemwe, nyimbo zina muzidziwa mang'ombe ake kuchokera m'buku lathu. Ndipo tsiku lodutsa equator pali sewero lakale la amalinyero, wina amavala ngati Neptune mfumu ya nyanja, odutsa koyamba amaweruzidwa milandu yabodza, kupsompsona nsomba yaiwisi, kupakidwa zakudya nkuponyedwa m'dziwe. Ndi odzipereka okha, ndipo si zamizimu monga ena amaopera, mukhoza kungoonerera chapatali nkulandira setifiketi yanu.

Mapepala okha musawachedwetse. Viza ya ku UK ndi yodziwikiratu, koma Tenerife, chimodzi mwa zilumba za Canary zija, ndi gawo la Spain ndipo Madeira ndi Portugal, ndiye pasipoti ya Zimbabwe kapena ya Malawi imafuna viza ya Schengen, yolowera mayiko amenewa a ku Ulaya, ndipo kampani ikhoza kukukanizani kukwera ku Cape Town ngakhale mutalonjeza kuti simutsika pamadoko amenewo. Mwana wanu awafunse molemba, ayankhenso molemba. Mufike ku Cape Town tsiku limodzi sitima isananyamuke, ndege ikachedwa pa Johannesburg sitima siyembekeza, chimodzimodzinso pamadoko, nthawi yobwerera imalembedwa potulukira ndipo ochedwa amatsala.

Usiku womaliza mumaika sutikesi panja pa chitseko ndipo simuionanso mpaka padoko ku Southampton. Patulani zovala za mawa, nsapato, mankhwala ndi pasipoti musanaitseke, chifukwa ulendo uliwonse pamapezeka wina wobwera pa desiki m'mawa atavala zogonera kufunsa ngati katundu angabwezedwe, ndipo sangabwezedwe. Manambala a anzanu a patebulo mutengeretu usiku womwewo, m'mawa anthu amatsika m'magulu pa nthawi zosiyana ndipo simudzaonana.